Tikupita Kutali, Koma Tinasiya Kuwerenga za Kumene Tikupita

Pa 14 Okutobala 1958, Legson Kayira, mnyamata wa ku Nthalire m'boma lomwe lero ndi Chitipa, ananyamuka kwawo wapansi, wopanda nsapato, kulowera kumpoto. Ananyamula kamba wa masiku ochepa, bulangete, kankhwangwa ndi mabuku awiri: Baibulo ndi buku la John Bunyan la ulendo wa Mkhristu. Ankafuna kukaphunzira ku America. Dzikolo anali asanalionepo, ndipo amayi ake sankadziwa n'komwe kuti lili mbali iti. Zonse zimene ankadziwa anazitola m'mabuku ali pasukulu ku Livingstonia, kumene anawerenga za Abraham Lincoln ndi Booker T. Washington, wina wobadwira mu umphawi, wina mu ukapolo, onse otukuka ndi maphunziro.

Anadutsa Tanganyika akugwira maganyu m'njira, mpaka anafika ku Kampala. Kumeneko analowa mu laibulale ya ofesi yofalitsa nkhani za America, napeza buku la mndandanda wa makoleji a dzikolo. Atalitsegula, diso linagwera pa Skagit Valley College ya ku Mount Vernon, m'chigawo cha Washington. Analemba kalata, ndipo anamuyankha kuti malo alipo. Anapitiriza ulendo mpaka ku Khartoum kukatenga viza, ndipo kumapeto kwa 1960 anatsika ndege ku America. Mu 1965 anatulutsa buku lake, I Will Try, lofotokoza njira yonseyo.

Pa mphambano iliyonse ya ulendo umenewu panali buku. Lina linamuuza kuti kunja kuno kuli dziko lotere, lina linamupatsa keyala, ndipo iye atafika anabweza ngongole polemba lake, kuti wobwera m'mbuyo adziwe njira ndi minga yake. Sanali yekha wotero. M'zaka zomwezo ku Togo, Tété-Michel Kpomassie anapeza buku lonena za Greenland m'sitolo ya mabuku ya amishoni ku Lomé. Anathawa kwawo, nayenda zaka 8 mpaka kukafika kudziko la madzi oundanalo, ndipo zimene anaona kumeneko anazilemba m'buku lomwe linatuluka mu 1981.

Mwambo umenewu, wodziwa maiko ena powerenga ndi wolemba za kumene munthu wapita, ukufa. Ukufa kumaiko kumene unali malonda aakulu, ndipo kuno kwathu, kumene sunazike mizu kwenikweni, watsala pang'ono kutheratu. Chodetsa nkhawa n'chakuti ukufa pa nthawi imene Amalawi akutuluka m'dziko muno mwaunyinji, ena kupita kumaiko amene makolo awo sanawamvepo ngakhale dzina.

Ife sitifunika kuuzidwa mphamvu ya buku la maulendo, poti mbiri ya dziko lathu inakhotetsedwa nalo. Mu 1857 David Livingstone anatulutsa buku la maulendo ake, ndipo linagulidwa makope pafupifupi 70,000. Amene analiwerenga ndi kumumva akulankhula ku Cambridge chaka chomwecho ndiwo anayambitsa mishoni ya UMCA, imene inafika ku Magomero mu 1861. Buku lake lachiwiri, la mu 1865, linafotokoza za Zambezi, Shire, nyanja yathu ndi malonda a akapolo. Iye atamwalira, kunabwera amishoni a Livingstonia mu 1875, a Blantyre mu 1876, kenako amalonda, ndipo pofika 1891 dziko linali m'manja mwa Britain. Anthu amene ankasonkha ndalama m'matchalitchi a ku Glasgow ndi Edinburgh anali asanaione Shire ndi maso. Anaiona papepala, n'kuchitapo kanthu.

Komatu pa ntchito imeneyi ife tinali olembedwa, eni cholembera anali ena. Kuyambira pa Livingstone, kudzera kwa Laurens van der Post amene anakwera Mulanje ndi Nyika nalemba buku lake la mu 1952, mpaka kwa Paul Theroux, wofotokoza anali mlendo. Ambiri mwa mabuku a mtunduwu ali ndi chipongwe: mzungu ali ndi dzina, maganizo ndi malungo ake, pamene wamtengatenga amene akumusenzera katundu alibe dzina ndipo salankhula. N'chifukwa chake ophunzira ena lero amati mabuku otere angofa, palibe chimene titataye. Ine sindigwirizana nawo. Buku lokondera limayankhidwa ndi buku lina, lolembedwa ndi amene ananyozedwayo, ndipo anzathu ena anachita zimenezi kalekale. Ham Mukasa wa ku Buganda anaperekeza nduna yaikulu Apolo Kagwa ku London mu 1902, pa mwambo woveka ufumu Edward VII, nalemba m'Chiganda za sitima, mafakitale ndi makhalidwe a Angerezi kuti akwawo adziwe. Selim bin Abakari wa ku zilumba za Comoro anafotokoza m'Chiswahili ulendo wake wa ku nyanja yathu ino ndiponso wa ku Russia ndi Siberia, ndipo zinasindikizidwa mu 1901.

Kwathu kuno oyenda sanasowepo. John Chilembwe anapita ku Virginia mu 1897. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay anakayambitsa bungwe lalikulu la antchito ku Cape Town mu 1919. Asilikali athu a KAR anamenya nkhondo ku Ethiopia ndi ku Burma, ndipo m'zaka za m'ma 1950 ena anakafika ku Malaya. Amuna ankapita ku Halale, ku Bulawayo, ku Wankie ndi ku migodi ya kopa ya ku Zambia. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa, mpaka pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha anthu athu oposa 70, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchitoyo. Mwa khamu lonseli, amene analemba mbiri ya maulendo awo ndi owerengeka, monga Kayira, Kadalie ndi Lewis Bandawe, ndipo mabuku awo ali m'Chingerezi. Ena onse nkhani zawo zinali zapakamwa. Wobwera ku Joni ankakhala pabwalo atavala jekete ndi chipewa, njinga yatsopano ataitsamiza pamtengo, n'kumafotokoza mmene chikepe chimatsikira pansi pa nthaka ndi mmene ankagonera m'komboni. Wa ku Burma ankasimba za misundu ndi mvula yosakata. Ana ankamvetsera kukamwa kuli yasa. Koma eni nkhaniwo atamwalira, zonse zinapita nawo kumanda. Chipilala cha asilikali ku Zomba chimatikumbutsa kuti anapita ndipo ena sanabwerere, koma sichingatiuze zimene anaona.

Ngakhale olemba anali ochepa, owerenga analipo, ndipo njira zofikitsira buku m'manja mwawo zinalipo. Lamulo lokhazikitsa National Library Service linadutsa mu 1967. Malawi Book Service, kampani ya boma, inali ndi masitolo m'matauni ndipo inkatumiza mabuku m'sukulu. Panali CLAIM, Dzuka, ndi Popular Publications ya ku Limbe, komanso magazini ya Moni imene inayamba mu 1964. Sekondale zinali zochepa, koma za boma ndi za mishoni zinkakhala ndi chipinda cha mabuku, ndipo pakona pena pankakhala mulu wa magazini akale a National Geographic, a chikuto cha mzere wachikasu, osiyidwa ndi ansembe kapena aphunzitsi akunja. Ku pulayimale Jogalafe inali phunziro palokha, mapu a dziko lonse ali pakhoma. Mnyamata wa Fomu 2 ankatha kukuuzani kumene Ganges imathira ndi chifukwa chimene ku Canada amalimira tirigu wambiri. Ena anali ndi abwenzi a pakalata ku Ghana kapena ku Sweden, ndipo kalata ikafika ankasunga ndi sitampu yomwe.

Tisanamizane kuti nthawiyo zonse zinali bwino. Owerengawo anali kagulu kochepa ka amene anachita mwayi wosankhidwa kupita ku sekondale. Lamulo la mu 1968 linapatsa bungwe loona zofalitsa mphamvu yoletsa mabuku, ndipo linaletsa oposa 1,000. Buku la nthano la Theroux, Jungle Lovers, linali m'gulu la oletsedwawo. Buku la Lonely Planet lotsogolera oyenda mu Africa linkalandidwa pachipata cholowera m'dziko chifukwa linkadzudzula ulamuliro wa Banda. Kayira mwini, amene mabuku ake otsatira anakhudza ndale za kuno, anathera moyo wake ku England, kumene anamwalira mu 2012. Choncho mpata wodziwira za kunja unali wopapatiza ndiponso wolonderedwa. Koma unalipo, ndipo amene anaupeza anaugwiritsa ntchito.

Mu 1994 ziletso zambiri zinachoka. Munthu akanayembekeza kuti mabuku asefukira, koma zinayenda mwina. Chaka chomwecho boma linayambitsa maphunziro aulere a pulayimale, ndipo ana m'sukulu anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, koma ndalama za boma ndi za maiko othandiza zinathera ku makalasi, aphunzitsi ndi mabuku a m'kalasi, ndipo ngakhale amenewo sanakwane. Malawi Book Service inathetsedwa m'zaka zomwezo, popanda china cholowa m'malo mwake chofikitsa buku ku Nsanje kapena ku Chitipa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, malo ophunzirira a MCDE anasandutsidwa sekondale zoyendera za m'madera, ndipo zambiri zinayamba ntchito zilibe laibulale. Osindikiza mabuku anawerengera bwinobwino n'kuona kuti msika wodalirika watsala umodzi: buku lomwe lavomerezedwa ndi akatswiri a maphunziro ku Domasi kuti lilowe pa silabasi. Kampani imene buku lake lasankhidwa imagulitsa makope zikwizikwi popanda kutsatsa. Imene yasindikiza nkhani ya munthu woyenda pa basi kuchoka ku Karonga mpaka ku Dar es Salaam imatsala ndi makatoni m'nyumba yosungira katundu. Motero wolemba wotere amauzidwa kuti alipire yekha ndalama zosindikizira, kenako ayende nalo yekha m'maofesi kukagulitsa.

Pamwamba pa izi pali mtengo. Mapepala, inki ndi mabuku a kunja zonse zimafuna ndalama zakunja, zomwe n'zosowa. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zitatero, buku la mapaundi 12 ku London linkapitirira K25,000 pa mtengo wa kubanki, osawerengera zolibweretsera. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka mu 2024 anali K90,000 pamwezi. Palibe mlonda kapena wantchito wa m'nyumba amene angachotse gawo loposa limodzi mwa magawo anayi a malipiro ake kuti awerenge za ku India, ndipo mphunzitsi wa pulayimale nayenso sangatero.

Zotsatira zake zimaoneka pakhonde la masitolo mu Limbe kapena pafupi ndi depoti ya mabasi ku Lilongwe, pamene mavenda amayala mabuku pa pepala la pulasitiki, miyala ili m'makona kuopa mphepo. Pamakhala mapepala a mayeso akale a MANEB, timabuku ta mafunso ndi mayankho, manotsi a Biology ndi Agriculture ochita kujambulitsa pa makina, dikishonale, buku la malamulo a pamsewu, ndi mabuku a abusa a ku Nigeria ndi America onena za madalitso ndi chuma. Atlasi ikapezeka imakhala yothothoka chikuto, yosonyeza Sudan akadali dziko limodzi ndi Congo akutchedwa Zaire. Mayi wodzagulira mwana wake amanyamula buku, kulitembenuza, n'kufunsa: "Achimwene, ili lili pa silabasi?" Venda akati, "Ayi mayi, limenelo ndi longowerenga," mayiyo amalibwezera pansi. Sindingamudzudzule, chifukwa ndalama ili m'manja mwakeyo ndi ya fizi ndi ndiwo. Vendanso salakwa, amayala chimene chimayenda malonda. Koma mwana amene akukula chonchi amaphunzira kuti buku ndi chida chokhozera mayeso, ndipo akalemba pepala lomaliza la Fomu 4 amati wathana nawo mabuku.

Malaibulale ndiwo akanatseka mpata umenewu, koma nawonso ali pa mavuto. Nthambi za National Library Service sizinafike m'maboma onse 28, ndipo amene amadzaza mipando yake kwambiri ndi ophunzira okonzekera mayeso, obwera ndi manotsi awo kudzafuna malo abata. Theroux, amene anaphunzitsa ku Soche pakati pa 1963 ndi 1965, anabwerera mu 2001 n'kukapeza laibulale ya sukulu yake yakale ili mumdima, mashelefu ali mbee, ndipo anazilemba m'buku la Dark Star Safari. Kalembedwe kake n'kowawa ndipo pena n'kodzikweza, koma za mashelefuwo aphunzitsi ambiri a sekondale angachitire umboni kuchokera kusukulu zawo. Pa 18 Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 anasanduka phulusa usiku umodzi. Pofuna kudzaza mashelefu, timadalira mphatso zochokera kunja, monga za Book Aid International. Mphatso zimenezi zathandiza kwambiri. William Kamkwamba anapanga makina ake a mphepo atawerenga buku la ku America m'kalaibulale ka ku Wimbe. Komabe kudalira mphatso kuli ngati kugula belo la kaunjika: umavala zimene watulutsamo, zimene eni ake anasiya kuvala. Ndipo kumene mabelowo amachokera, mabuku a maulendo akuchepanso.

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 mabuku otere anali pachimake ku Britain ndi America. The Great Railway Bazaar ya Theroux, ya mu 1975, ndi In Patagonia ya Bruce Chatwin, ya mu 1977, zinagulidwa kwambiri, ndipo makampani ankapatsiratu olemba ndalama zoyendera miyezi yambiri. Mphotho ya Thomas Cook ya buku labwino la maulendo inayamba mu 1980, ndipo inatha mu 2004. Lonely Planet, imene Tony ndi Maureen Wheeler anayambitsa mu 1973, inagulidwa ndi nthambi ya malonda ya BBC pa mapaundi 130 miliyoni m'magawo awiri, mu 2007 ndi 2011. Mu 2013 BBC inaigulitsa pa mapaundi 51.5 miliyoni okha. National Geographic, imene kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 inali ndi olembetsa 12 miliyoni ku America, inali ndi osakwana 2 miliyoni pofika 2022, ndipo mu Juni 2023 inachotsa ntchito olemba ake onse olembedwa mokhazikika. Zifukwa zake n'zodziwika. Ndege zinatchipa, ndipo Mzungu amene kale ankawerenga za Thailand anayamba kupitako yekha. Otsatsa malonda, amene ankalipirira magazini ndi masamba a maulendo m'nyuzipepala, anasamukira ku Google ndi Facebook. Mapu, mitengo ya malo ogona ndi nthawi za sitima zinalowa m'foni.

Kwa wa ku London kutayika kumeneku n'kochepa, chifukwa pasipoti yake imamutsegulira zipata zambiri ndipo akasochera kazembe wake amamufunafuna. Kwa ife nkhani ndi ina. Ena amati foni yalowa m'malo mwa buku, ndipo n'zoona kuti yabweretsa zabwino. Mayi wa ku Mangochi amalankhula ndi mwana wake ku Durban maso ndi maso. Achinyamata a mu Africa akujambula makanema a maulendo awo, ndipo olemba ngati Noo Saro-Wiwa wa ku Nigeria ndi Nanjala Nyabola wa ku Kenya akulemba za maiko ena ndi maso a munthu wakuda. Koma Amalawi ambiri sali pa intaneti, ndipo ambiri mwa amene alipo amagula bandulo ya WhatsApp ndi Facebook yokha chifukwa ndiyo yotsika mtengo. Chimene chimafika pamenepo ndi chithunzi cha mnzako ataima pafupi ndi galimoto ya bwana wake, kapena kanema wa mphindi imodzi wa nyumba zosanja za ku Dubai. Palibe amene amajambula kachipinda ka malata komwe amagona anthu asanu, chifukwa aliyense amafuna kuti akumudzi aziti zikuyenda. Buku labwino la maulendo limakhala ndi wowerenga masiku angapo. Limamuuza mtengo wa buledi ndi lendi, mmene wapolisi amalankhulira ndi mlendo, zimene lamulo limanena, chimene anthu akumeneko amaopa ndi chifukwa chake amakwiya. Wolemba wake amaikapo dzina, ndipo akanama akhoza kutsutsidwa.

Mtengo wa kusadziwa kumeneku tauona kale. Mu Malichi 2024 BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene anakodwa mu ukapolo ku Oman. Ambiri anakopedwa ndi maejenti, ena pa Facebook, powalonjeza ntchito yabwino, ndipo ena anauzidwa kuti akupita ku Dubai koma anatsikira ku Muscat. Atafika analandidwa mapasipoti, n'kumagwira ntchito za m'nyumba usana ndi usiku, ena kumenyedwa ndi kugwiriridwa. Ku Oman kuli dongosolo lotchedwa kafala, lomwe limamangirira chilolezo cha wantchito kwa bwana wake, moti akachoka panyumbapo popanda chilolezo amasanduka wothawa pamaso pa lamulo. Amayi oposa 50 anapulumutsidwa kudzera m'gulu la pa WhatsApp lomwe linayambitsidwa ndi Mmalawi wina wokhala ku America. Chopweteka n'chakuti zonsezi zinali zitalembedwa kale. Bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti la nkhanza zochitikira antchito a m'nyumba ku Oman mu 2016, ndipo mu 2017 linatulutsa lina lonena za amayi a ku Tanzania, dziko loyandikana nafe. Malipotiwo anali m'Chingerezi cha akatswiri, ali pa intaneti, kutali ndi mtsikana wa ku Area 25 kapena ku Ndirande amene anasiyira sukulu Fomu 2. Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Amayiwa anafunsa, koma woti n'kumufunsa analipo mmodzi yekha, ejenti yemwe ankadya nawo pa ulendowo.

Mu Novembala 2023, nkhondo ya ku Gaza ili mkati, achinyamata 221 anakwera ndege kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, ndipo ena anatsatira. Mu Meyi 2024, 12 anabwezedwa atapezeka kuti asiya mindayo n'kukagwira ntchito kwina, zomwe viza yawo sinkalola. Koma njira yaikulu ikadali ya ku Joni. Pa depoti ya Wenela mu Blantyre, basi isananyamuke, mudzaona mnyamata wa zaka ngati 20 ali ndi chikwama chimodzi, pasipoti yatsopano m'thumba la malaya, ndi nambala ya foni yolembedwa pakapepala kopindapinda. Amalume ake amene amuperekeza amamuuza kuti, "Mphwanga, ukafika uimbe, ndipo usakaiwale kumudzi." Iye amati, "Musadandaule amalume, achimwene akandichingamira." Mukamufunsa njira, adzakuuzani kuti zonse akudziwa ndi thiransipota. Basiyo idutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, maiko atatu a eni, aliyense ndi malamulo ake. Pachipata adzamudindira masiku 30 okha. Kuyambira 2014, wopitirira masiku amene anapatsidwa amaletsedwa kulowanso m'dzikolo kwa chaka chimodzi mpaka zaka 5, ndipo wogwidwa alibe mapepala amakatsekeredwa ku Lindela kudikira kubwezedwa. Mu Meyi 2008 anthu 62 anaphedwa pa ziwawa zodana ndi obwera, ndipo mu 2015 boma lathu linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu athu. Amalawi akhala akuyenda njira imeneyi zaka zoposa 100. Lowani m'sitolo ya mabuku mu Blantyre kapena mu Lilongwe, mufunse buku la Chichewa lofotokoza moyo wa Mmalawi ku Johannesburg lero, mudzatuluka chimanjamanja.

Apa ndi pamene nkhani ya chilankhulo ikulowa. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti pafupifupi anthu 69 mwa 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo amatha kulemba ndi kuwerenga. Ambiri mwa amenewa amawerenga momasuka Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, osati Chingerezi, ndipo ndi omwewa amene amadzaza mabasi a ku Joni kuchokera ku Mangochi, Mzimba ndi Nkhata Bay. Chichewa chinakhala chilankhulo cha dziko mu 1968, koma mabuku ake ambiri akhala a galamala, miyambo, ndakatulo, nthano ndi zachipembedzo. Tinazolowera kuganiza kuti za mudzi zimalembedwa m'Chichewa, za dziko lapansi m'Chingerezi. Lamulo la maphunziro la mu 2013, lomwe linati Chingerezi chikhale chophunzitsira kuyambira Sitandade 1, linangolimbitsa maganizo amenewa. Motero amene ali pa chiopsezo chachikulu akapita kunja ndi amenenso alibe chowerenga chilichonse chowauza za kunjako.

Mtengo wa mapepala sutsika mawa, ndipo malaibulale a m'maboma onse samangidwa chaka chino. Koma pali zina zosafuna ndalama zambiri. Manyuzipepala ali kale ndi masamba a Chichewa, monga Tamvani ndi Tikambe, ndiponso pali Fuko imene imafika kumidzi. Akonzi ake akhoza kupatula tsamba limodzi loti obwera kuchokera ku Cape Town, Muscat, Dublin kapena Guangzhou azifotokoza zimene anaona, ndi mitengo yake, malamulo ake ndi zamanyazi zomwe, osati zopambana zokhazokha. Nkhani zotere zikachuluka zikhoza kusonkhanitsidwa kukhala timabuku totsika mtengo, n'kumawerengedwanso pa wailesi za m'madera. Malawi Writers Union ikhoza kuika nkhani za maulendo pa mipikisano yake. Boma, limene lakhala likusainira mapangano otumiza achinyamata kunja, lili ndi udindo woonetsetsa kuti aliyense wokwera ndege wawerenga, m'chilankhulo chake, za dziko limene akupitalo.

Inu amene muli kunja, amene mumasamalira okalamba ku Manchester, kutchetcha kapinga ku Pretoria kapena kuyendetsa mathiraki pa msewu wa ku Beira, lembani zimene mukuona, ngakhale m'kope la sukulu. Ndipo inu ophunzira a m'mayunivesite athu, dziwani kuti amuna amene anakwera ndege za Wenela mu 1973 ali ndi zaka 20, lero apitirira zaka 70, ndipo akutha mmodzimmodzi. Tengani kope ndi foni yojambulira mawu, mupite mukakhale nawo pansi chaka chino.